Dzina Limene Ndinalemba pa Khadi

Ana anga, mitu ina ya mbiri iyi ndinkailemba ndikumwetulira, koma uno ndaulemba ndi kuung'amba katatu. Mumandidziwa ngati a Kaliwo a ku laibulale, munthu wosakweza mawu, amene anasunga mabuku a anthu a mu Mzuzu mpaka kupuma pantchito popanda kulandirapo kalata ya chenjezo. Zimenezo n'zoona. Koma pali chinthu chimodzi chimene ndinachita ndi dzanja langa lomweli, ndipo chinatulukira poyera chaka chatha, pamene gulu lathu lowerenga mabuku la pa foni linkasankha buku loti tiwerenge.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980

Ndinafika ku Mzuzu kuchokera ku Zomba ndi sutikesi imodzi ndi kajuzi kopyapyala kamene anthu a kuno anakaseka sabata yathunthu. Ntchito yanga yoyamba inali ya ukalaliki pa kalaibulale ka zipinda ziwiri, kamene denga lake linkadontha pamwamba penipeni pa shelefu ya mabuku a zaulimi. Abwana anali a Soko, bambo wamfupi, wa tayi tsiku ndi tsiku, amene ankakhulupirira kuti buku lililonse limatuluka pakhomo ndi cholinga chosabwerera. Chilichonse chinali chosowa. Inki ya chidindo ikatha tinkathiramo madzi mpaka deti inkaoneka ngati mthunzi, ndipo guluu akasowa tinkaphika kaphala ka ufa wa chinangwa n'kumata mabuku ong'ambika. Mphemvu za mu Mzuzu zinatithokoza kwambiri chifukwa cha nzeru imeneyo.

Kabwerekedwe ka mabuku kanali kotere. Kumapeto kwa buku lililonse kunali kathumba ka pepala, ndipo m'kathumbamo munali khadi. Wobwereka ankalemba dzina lake pa khadilo ndi dzanja lake, ine n'kudinda deti pambali pa dzinalo, khadi n'kutsala m'kabokosi kathu mpaka buku libwere. Ndiye kuti khadi linkasunga maina a onse amene anawerengapo bukulo. Ine ndinkanyadira dongosolo limeneli, osaganiza kuti tsiku lina munthu angabwere kudzafuna khadi osati buku.

Masiku amenewo kunkabwera mndandanda wa mabuku oletsedwa. Palibe ankafunsa chifukwa. Unkangoyenda m'mashelefu ndi pepala m'manja n'kumachotsa, kenako n'kutsekera m'kabati. Koma buku lina linatipulumuka. Linali nkhani yakale yolembedwa kudziko lina, ya abale awiri olimbirana sitolo ya bambo awo, ndipo chikuto chake tinali titachimata ndi pepala lofiirira moti mutu wake sunkaoneka bwino. Linakhala pa shelefu miyezi ingapo litaletsedwa kale, anthu akubwereka.

Lachiwiri lina m'mawa kunalowa amuna awiri ovala masuti. Sanapereke moni, sanatchule kumene achokera, ndipo ife sitinafunse chifukwa anthu otero ankadziwika ndi kuima kwawo. Anatchula bukulo n'kunena kuti akufuna ilo pamodzi ndi khadi lake. A Soko, amene ndinali ndisanawamvepo akunama, anati mabuku akale ali m'chipinda chokhoma ndipo makiyi apita ndi mlonda. Mmodzi wa amunawo anayang'ana wotchi yake nati akukadya, abweranso 2 koloko.

Atatuluka tinasolola khadilo. Panali maina asanu ndi limodzi: anamwino awiri, m'busa wina, mtsikana wa sekondale, mlamu wawo wa a Soko, ndipo lomaliza linali langa. Ndinakhala pansi pa mulu wa nyuzipepala. Kunyumba ku Katawa amayi anu anali ndi Chisomo wa miyezi inayi kumsana. A Soko anati tiotche khadilo tiikemo latsopano, koma tonse tinaona vuto: bukulo linali lothaitha, lakuda m'mbali ndi zala za anthu. Khadi lopanda dzina likanangotigwiritsa tonse awiri. Pankafunika dzina, ngakhale limodzi.

Pano ndiyenera kunena mosabisa kuti nzeru imeneyi sinachokere kwa a Soko. Ndinaitulutsa ndine. Panali mphunzitsi wina, a Kumwenda, amene kale ankabwera Loweruka lililonse kudzabwereka mabuku a masamu, koma anali atasowa miyezi isanu. M'tauni munkamveka kuti anadumpha malire, anapeza ntchito ku Zambia ndipo sabweranso. Ndinauza a Soko kuti munthu amene ali kunja palibe angamugwire. Iwo sanavomere, sanakane, anangopita kukaima pakhomo kuyang'ana kumsewu. Ndinatenga khadi lina lakale pamene a Kumwenda anasainapo, ndinayeserera kalembedwe kawo kanayi papepala, kachisanu ndinalemba pa khadi latsopano, n'kubweza deti ya chidindo m'mbuyo, n'kudinda. Khadilo ndinalipukuta pansi pa nsapato kuti lioneke lakale. Amuna aja anabwera pa nthawi yake, anatenga buku ndi khadi, ndipo mmodzi anandiyamikira kuti ndimasunga bwino zinthu.

A Kumwenda sanali ku Zambia. Anali kwawo kumudzi, atatuluka m'chipatala, akudwalabe chifuwa, mayi awo akuwasamalira. Patatha masabata atatu tinamva kuti anawatenga. A Soko ndi ine sitinakambiranenso nkhaniyi mpaka iwo anamwalira.

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990

A Kumwenda anali atatuluka kalekale m'ndende, atakhalamo zaka zitatu ndi miyezi, akutsimphina, ntchito itapita. Anakakhala ku Chibanja n'kumaphunzitsa ana a anthu masamu pakhonde. Ine kuchokera pamenepo ku Chibanja ndinakulekeratu. Kukagwa maliro a mnzathu wa kutchalitchi kumeneko ndinkadwala mutu, kukakhala ukwati ndinkatuma amayi anu. Ndikawaona a Kumwenda patali mu msika ndinkalowa mu sitolo iliyonse yapafupi, ndipo tsiku lina ndinapezeka ndagula loko amene sindinkamufuna n'komwe.

Zinthu zinasintha m'dziko, mindandanda ija inatha, anthu anayamba kuyankhula zimene kale ankanong'ona. Yunivesite itatsegulidwa tauni inadzaza ndi ophunzira, nyumba zinamera m'madambo momwe kale munkalira achule okha, ndipo ife anatisamutsira m'nyumba yaikulu, ine ndili mkulu wa laibulale. Pochotsa mashelefu akale tinapeza buku litagwera kuseri, lodzaza fumbi. Linali linzake la buku lomwe lija la abale awiri, limene palibe ankadziwa kuti tinali nalo. Ndinalibisa m'jekete n'kupita nalo kunyumba. Sindidziwa chifukwa chake sindinaliotche. Anthu ankati nthawi ya mantha yatha, koma kwa ine m'pamene inayamba bwino, chifukwa kale ndinkaopa amuna awiri okha, tsopano ndinkaopa aliyense amene angafunse kuti anapereka maina a anzawo masiku aja anali ndani.

Chaka chatha, nyengo yozizira

Amayi anu atatisiya ndiponso ine nditapuma pantchito, Chisomo anaona kuti ndikungokhala ndwii m'nyumba ku Ching'ambo. Anandigulira foni yotsetsereka ndi chala n'kundilowetsa pagulu lowerenga mabuku limene anayambitsa anzake a ku yunivesite. Tinalipo anthu ochuluka ndithu: aphunzitsi, anamwino, a m'maofesi, ena ali ku Lilongwe, ena ku Joni, ambiri osaonanapo maso ndi maso. Tinkawerenga mabuku akalekale okhaokha, amene achinyamatawo ankati munthu sayenera kufa asanawawerenge. Ndinakonda gululo kuposa mmene ndinkayembekezera. Ankanditcha agogo a mabuku, ndipo ine, wokalamba wopusa, ndinatupa nazo. Sabata yoyamba yomweyo ndinajambula shelefu yanga yonse n'kutumiza pagulu kuti aone chuma changa.

Malamulo a gulu anali ochepa. Buku likatha, anthu atatu ankatchula lina aliyense, n'kufotokoza chifukwa chake. Kenako tinkavota polemba nambala, wani, thuu kapena fili, ndipo mavoti ankatsekedwa Lamlungu masana. Popeza mabuku otere sapezeka m'masitolo, buku linkaloledwa kulowa pa chisankho pokhapokha ngati wina pagulu ali nalo m'manja, ndipo iyeyo ankajambula masamba khumi tsiku lililonse n'kutumiza.

Ulendo umenewu wina anatchula buku lalitali la azungu akale okangana za chuma cha masiye, wina anatchula la ndakatulo. Wachitatu anali mayi wina amene pagulu ankadziwika kuti Tiwonge Banda, namwino, wokonda kutsutsa aliyense mwaulemu. Sanalembe, anatumiza uthenga wa mawu. Ndinautsegula ndili pakhonde, ndikusenda mbatata.

"Monile mose. Ine buku langa ndaliona pa chithunzi cha shelefu ya adada Kaliwo, mzere wachiwiri kumanzere, lachikuto chofiirira. Ndinakuza chithunzicho mpaka ndinawerenga mutu wake. Banda ndi dzina la kubanja, ine ndine NyaKumwenda. Adada anamangidwa zaka zitatu chifukwa cha buku limenelo, ine ndili ndi zaka ziwiri. Mpaka lero amakana, amati sanaligwirepo n'komwe, koma ine ndimadziwa kuti ndi mantha akale. Ndikufuna tiwerenge, ndidziwe chimene adada anawerenga. Yewo chomene."

Mpeni unagwa pansi. Ndinamvetseranso kachiwiri, mwina ndinamva molakwa, koma dzina linali lomwelo. Pagulu mauthenga anayamba kugwa ngati mvula ya matalala. Ena ankati a Kumwenda ndi ngwazi, ena ankati tidzawaitane adzayankhule tikamaliza buku. Mnyamata wina wa zamalamulo analemba kuti anthu amene ankapereka anzawo masiku amenewo akadalipo, akuyenda m'tauni muno, ena ndi akulu a mpingo. Ine ndine mkulu wa mpingo. Tsiku limenelo sindinadye.

Zimene ndinachita masiku otsatira n'zochititsa manyazi. Ndinayamba kutamanda buku la azungu lija, loti ine mwini ndinalisiyira pakati kawiri chifukwa cha tulo. Ndinalemba kuti ndi buku lozama, loti munthu wophunzira sangalidumphe. Ndinaimbira anthu atatu pambali kuwanyengerera avotere nambala wani. Nditaona kuti nambala fili ikutsogolabe, Lachisanu ndinalemba kuti pepani, ndayang'ana bwino, buku lija chiswe chinadya masamba apakati. Mphindi zisanu sizinathe, Chisomo analemba pagulu pomwepo kuti ayi adadi, mwasokoneza ndi lina, ilo ndinalitsegula pa Isitala lili bwinobwino. Anaikapo ndi kankhope koseka. Anthu anaseka kuti agogo akuumira buku lawo.

Ndinaganiza zoliotcha. Ndinaganiza zotuluka pagulu n'kunena kuti foni yabedwa. Ndinaganizanso kuti palibe chimene chingandiulule, chifukwa a Soko anapita, khadi lija linapita, ndipo buku lili m'nyumba mwangalo linalibe dzina la munthu. Zonsezo zinali zoona, koma foni ikangolira ndinkaopa kuitenga. Lamlungu masana mkulu wa gulu analengeza kuti nambala fili yapambana. Lolemba Tiwonge anandiimbira. Anati wawauza adada ake, ndipo iwo apempha chinthu chimodzi, kuti mwini buku abwere nalo yekha kunyumba aligwireko tisanayambe kujambula. Anati Loweruka masana iye adzakhala atawerukako. Ndinamva pakamwa panga pakuvomera.

Loweruka lotsatira

Ndinakwera kabaza kupita ku Chibanja koyamba m'zaka zoposa makumi atatu, buku lili m'jumbo pachifuwa. Kunali kamvula kowaza. Malowo sindinawazindikire, nyumba zinali zitathinana mpaka m'njira. Kawiri ndinatsala pang'ono kuuza wakabaza kuti tibwerere.

Tiwonge anandilandira ndi manja awiri, akusangalala ngati walandira malume ake. A Kumwenda anali pampando pafupi ndi mbaula, bulangete pamiyendo, maso atayera ndi ng'ala. Ndinawapatsa moni wa Chitumbuka, anayankha, kenako anatambasula manja. Ndinawaikira bukulo. Analisisita chikuto, analiyeza kulemera kwake, analinunkhiza, n'kunena kuti ndi laling'ono chomene, iwo ankayesa ndi lalikulu. Anafunsa chimene chili m'katimo. Ndinawafotokozera za abale awiri ndi sitolo, ndipo ndinati chimene anthu ankaganiza kuti chinaliletsetsa ndi tsamba limodzi pamene mtsogoleri wina wokalamba akuwodzera pamsonkhano. Anaseka pang'ono osatsegula pakamwa.

Tiwonge anabweretsa tiyi nati kwa bambo ake, adada, lero vomerani basi, nthawi ija inapita, munaliwerenga. Ndikanatha kukhala chete, kumwa tiyi, kutsanzika. Ndinaika kapu pansi.

"Mayi, bambo anu sananamepo. Buku ili sanabwerekepo. Dzina lawo pa khadi ndinalemba ndine."

Ndinafotokoza zonse, maina asanu ndi limodzi, langa lomaliza, mphekesera ya ku Zambia, nsapato imene ndinapukutira khadi. Mawu ankatuluka modukaduka ndipo sindinayang'ane munthu kumaso.

"Ndinadziwa tsiku loyamba, a Kaliwo," anatero a Kumwenda. "Anandionetsa khadilo. Pa deti imene munadinda ine ndinali m'chipatala, ndipo chidindo pa laibulale paja chinkagwiridwa ndi munthu mmodzi."

Ndinawafunsa chifukwa chake sananditchule. Anati amene anawatengawo anawafunsadi kambirimbiri kuti ngati si inu analemba ndani, ndipo ankayankha kuti sakudziwa.

"Musaganize kuti chinali chikondi, yayi. Ndinkakufunirani zoipa usana ndi usiku. Kungoti ndinaona kuti anthu amenewo sabweza munthu, amangowonjezera. Ndikanakutchulani tikanakhala awiri m'menemo, basi. Ndiye ndinati ndikatuluka adzabwera yekha kudzandiuza. Ndinkakuonani mukuthawira m'masitolo. Mwabwera maso atatha."

Ndinagwada pansi, ine nkhalamba ya mawondo olira, kupempha chikhululukiro. Anati ndidzuke, simenti ndi yozizira, ndipo za kukhululuka sanganene lero chifukwa sanazolowere kuziganizira. Sanakweze mawu ngakhale pang'ono, ndipo ndikanakonda akanandimenya ndi ndodo yawo.

Tiwonge nthawi yonseyi anali chiimire pakhomo la kukhitchini. Sanandiyang'ane ine poyamba. Anapita kukagwada pafupi ndi bambo ake, akulira mosatulutsa mawu, nati kuyambira ali mtsikana ankawanena mumtima kuti ndi amantha chifukwa chokana buku lawo lomwe, ndipo ankauza ana ake kuti agogo amanama. A Kumwenda anangomugwira pamutu. Kenako Tiwonge anatembenukira kwa ine, nkhope itauma.

"Pagulu ndinauza anthu zabodza chifukwa cha inu. Sindikakonza ine. Mukanene nokha, ndi mawu anu, osati kulemba. Buku musiye pano, ndijambula ndine."

Sanandiperekeze. Ndinayenda wapansi mpaka ku Ching'ambo mvula ikundinyowetsa, chifukwa sindinkafuna kuti ngakhale wakabaza andione kumaso.

Mawa lake nditachoka kutchalitchi ndinakhala pampando, ndinadina kabatani kojambulira mawu, ndipo ndinanena zonse monga ndanenera muno. Chala chinakana kutumiza kwa nthawi yaitali. Sindinkaopa kwambiri mnyamata wa zamalamulo uja kapena akulu anzanga a mpingo. Ndinkaopa kuti pagulupo pali mwana wanga, amene anandilowetsamo monyadira. Ndinatumiza. Madzulo anthu awiri anatuluka, wina analemba kuti ndichotsedwe, wina anati tisafulumire kuweruza nthawi imene sitinaikhale. Lolemba m'mawa Tiwonge anatumiza masamba khumi oyamba osanenapo kanthu, ndipo anthu anayamba kuwerenga.

Chisomo anakhala masiku anayi osandiyankhula. Lachinayi anaimba. Ndinali nditakonza mayankho ambiri, za nthawi ija, za amuna a masuti, za iye mwini ali kumsana kwa mayi ake, koma sanafunse chilichonse cha zimenezo.

"Adadi, ndifunse chimodzi chokha. Tiwonge akanapanda kuliona buku lija pa chithunzi, mukanapita kwa a Kumwenda?"

Ndinamuuza kuti ayi, sindikanapita.